Makatuni akamaoneka osalongosoka, musathamangire kugula TV ina

Anzanga a kuno ku Harare amene ana anu amakonda makatuni opangidwa ndi kompyuta aja, yesani izi kaye. Kwathu ku Mufakose ndinatsala pang'ono kutaya madola pa TV yatsopano, pomwe vuto linali waya ndi kachunidwe basi.

Choyamba chotsani waya wa mitu itatu uja, yachikasu, yoyera ndi yofiira. Sunganyamule chithunzi cha HD, chooneka bwino kwambiri chija. Gulani wa HDMI, ngakhale wotchipa wa m'tauni amagwira bwinobwino.

Kenako lowani pa Picture, pamene mumachunira chithunzi cha TV, muchotse Vivid kapena Dynamic, muike Movie kapena Cinema. Vivid ndi yokopera ogula m'sitolo: udzu umabiriwira mopitirira muyeso, nkhope zimafiira ngati zapsa ndi dzuwa. Muzimitsenso chimene a Samsung amachitcha Auto Motion Plus, a LG TruMotion, a Sony Motionflow. Mafilimuwa amapangidwa ndi zithunzi 24 pa sekondi, ndiye TV imapeka zina zake n'kuzilowetsa pakati. N'chifukwa chake galimoto kapena nyama ikathamanga, m'mbali mwake mumachita mbuu. Sharpness nayonso muitsitse ndithu.

Tsiku limene ndinasintha, mwana wanga anasendera pafupi n'kukuwa kuti, "Amayi, ubweya wa galuyu ukuoneka umodziumodzi!" Ndinakondwa zedi, chifukwa amisiri amavutikira tinthu timeneti kuti tioneke ngati tenitenti.

Mukamakopera makatuni pa flash funsani a 1080p, omwe ndi a chithunzi cha HD. Mafayilo ofinyidwa kwambiri amapangitsa thambo kuoneka mizeremizere. Masiku awiri oyamba chithunzi cha kachunidwe ka Movie chimaoneka chozimirira, koma pirirani, maso azolowera.