Mmene Mungadziwire Ngati Sande Sukulu Ikuphunzitsa Mwana Kapena Kumuopseza

Funso loti "mwaphunzira chiyani lero?" silikwanira. Mufunseni mwana kuti, "Ukanafunsa funso lovuta, aphunzitsi akanatani?" Wophunzitsidwa bwino amayankha momasuka. Wodzazidwa mantha amangoti zii, kapena amayamba kunena za moto wa Gehena.

Kamodzi pamwezi kakhaleni nawo m'kalasi, kaya mumapemphera ku Kawale kapena ku Area 25. Tcherani khutu ngati akunyoza Asilamu kapena a Gule Wamkulu, komanso ngati dzina la chipani likulowa m'pemphero. Nthawi ya kampeni ndiye poipa: ana amauzidwa kuti wakutiwakuti ndi "wodzozedwa", akauze makolo kunyumba. Mpingo kulankhulapo pa ndale si vuto ayi. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya 1992 inathandiza kubweretsa zipani zambiri, koma inkalankhula ndi akuluakulu, osati tiana tosavota.

Mukaona zolakwika, yambani ndi mphunzitsiyo pambali, kenako akulu a mpingo. Zikachitika kusukulu ya boma, akumbutseni ahedi za gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko, loteteza ufulu wa chipembedzo. Mwanayo musamukalipire, chifukwa akaona mwapsa mtima sadzakuuzaninso kanthu sabata yamawa.