Kakonzedwe ka sewero la mfumu Susenyos pa gulu lanu

Anzanga a magulu a zisudzo kuno ku Mangochi, za chikondi ndi za apongozi tasewera zokwanira, tayesani nkhani ya Susenyos, mfumu yaikulu ya ku Ethiopia yomwe inasiya ufumu mu 1632 anthu ake atayiukira. Sifuna ndalama, olo pansi pa mtengo wa mango itheka.

Musayambe ndi nkhondo ayi. Yambani ndi chinzake cha mfumuyi ndi wansembe wa Katolika wa chipani cha chiJesuit Pedro Páez, munthu woleza yemwe anaphunzira chiyankhulo cha komweko, awiriwa akhale pa mphasa azicheza mpaka owonera awakonde, kenako mfumu ilengeze kuti yalowa Katolika, umo munali mu 1622, pomwe anthu ake ndi Akhristu a mpingo wa Orthodox kuyambira makolo.

Akatero alowe Afonso Mendes, mkulu wa mpingo wa Katolika ku Ethiopia amene anafika mu 1625, pati imeneyi mpatseni wa mawu amphamvu. Iyeyu analamula kuti anthu abatizidwenso, ansembe adzozedwenso, kusunga Sabata kuthe, mdulidwenso uthe. Apa osachulutsa zokamba, kwathu kuno aliyense akudziwa zomwe zingachitike wina atangodzuka nkuletsa jando, nde musiyeni awerenge lamulolo pang'onopang'ono ng'oma ili zii.

Pomwe ndikupempha musamale kwambiri ndi pa oukira. Sanali alendo. Tekle Giyorgis yemwe anaukira m'chigawo cha Tigray mu 1628 anali mkamwini wa mfumu yomweyo, enawo anali alimi wamba a kumapiri a Lasta. Nde avekeni nsalu zoyera mbali zonse ziwiri, asilikali ndi oukira chimodzimodzi, owonera asokonezeke kuti wakupha ndani wakufa ndani.

Gawo lomaliza ndi nkhondo ya 1632, mfumu inapambana koma panafa anthu pafupifupi 8,000. Onse agone pansi, mfumu iyende pakati pawo ndi mwana wake Fasilides, iziwerama kuyang'ana nkhope mmodzimmodzi, musathamangitse apa chonde. Ikatero ibweze chipembedzo cha makolo, ivule chisoti nkumupatsa mwanayo. Inamwalira chaka chomwecho.

Pabwalo padzakhala Asilamu, Akatolika, a Anglican, a CCAP, nde nthabwala zonyoza mpingo wa wina zichotseni pokonzekera pomwe. Akuluakulu a mipingo ndi mizikiti komanso amfumu akamudzi kawauzeni nokha nkhani yake tsiku lisanafike, ndipo muwasungire mipando kutsogolo.