Tsamba la chimanga likakukandani m'diso

Alimi anzanga, nthawi yokolola ngati tsamba la chimanga, udzu kapena mankhusu a mpunga zakukandani m'diso, ndipo pakapita masiku angapo diso likufiirabe, likutuluka misozi, likuwawa mukaona kuwala, kapena pagalasi la diso (kutsogolo, pamwamba pa mbali yakuda ya diso) paoneka kadontho koyera, musataye ndalama pa mankhwala a m'golosale. Pitani msanga kwa a maso ku chipatala cha boma chapafupi.

Mukafika, nenani poyambirira kuti chinakukandani ndi chomera. Mawu amenewa amathandiza dokotala kuganizira za fangasi, tizilombo tomwe timakhala pa zomera ndi m'dothi. Mankhwala a m'maso monga tetracycline ndi chloramphenicol amapha mabakiteriya okha, fangasi samugwira. Tengani mabotolo onse omwe mwadonthezapo kale kuti awaone.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi madontho okhala ndi steroid (mankhwala ochepetsa kutupa ndi kufiira), monga dexamethasone kapena prednisolone. Diso limayera kwa kanthawi, munthu n'kumati wachira, pomwe fangasi akudya mkati. Madzi a masamba ndi mkaka wa m'mawere nazo ayi, chonde.

Mankhwala omwe amaperekedwa kawirikawiri ndi natamycin 5%. Khutchumulani botolo musanadontheze, chifukwa mankhwalawo amadikha pansi. Masiku oyamba amadonthezedwa ola lililonse, nthawi zina ngakhale usiku, ndiye tcherani alamu pa foni ndipo wina akuthandizeni. Fangasi amachedwa kufa, zimatenga masabata angapo, choncho musasiye ululu ukachepa. Bwererani pa tsiku lomwe akuuzani, ngakhale diso likuoneka bwino.