Kapimidwe ka minofu yotafunira pamene wodwala akudandaula nsagwada

Wodwala akafika pa chipatala chaching'ono, kaya ku Ndirande, ku Zingwangwa kapena ku Bangwe, n'kunena kuti khutu likumuwawa akamadya, maso athu amathamangira ku khutu ndi mano. Zikaoneka bwino, amalandira panado n'kubwerera kwawo. Minofu yotafunira imaiwalika, chonsecho kuipima kumangofuna magolovesi, tochi, rula ya mamilimita ndi mphindi zisanu.

Minofuyi ndi inayi mbali iliyonse. Masseter ndi uja wa patsaya, wochokera ku fupa la tsaya kutsikira pa ngodya ya nsagwada ya m'munsi. Temporalis wayala palitsipa ngati chikhatho chotambasula, ndipo umadutsa kunsi kwa fupa la tsaya kukagwira nsonga ya nsagwada yotchedwa coronoid process. Medial pterygoid uli mkati, moyang'anizana ndi masseter. Itatuyi ndi yotseka pakamwa. Wachinayi, lateral pterygoid, umakokera nsagwada kutsogolo, kuthandiza kuyasama ndi kuiyendetsa uku ndi uku popera chakudya. Yonse imalamulidwa ndi nthambi yachitatu ya mtsempha wa nambala 5 wa m'mutu, trigeminal. N'chifukwa chake munthu wopotoka pakamwa chifukwa cha mtsempha wa nambala 7, woyendetsa minofu ya nkhope, amaluma ndi mphamvu zake zonse.

Musanagwire paliponse, muuzeni wodwala aloze ndi chala chimodzi pamene pakuwawa. Woloza kutsogolo kwa khutu penipeni akunena za mfundo ya nsagwada. Wosisita tsaya lonse ndi chikhatho nthawi zambiri akunena za mnofu. Funsani ngati ululu umakula akamadya nzimbe, chimanga chokazinga kapena nyama yolimba, ndiponso ngati amadzuka m'mawa nsagwada zitatopa. Za kukukuta mano usiku funsani amene amagona naye chipinda chimodzi, mwini wake sadzimva.

Kenako yezani. Ayasame mpaka pamene ululu ukuyambira, ikani rula pakati pa nsonga za mano akutsogolo a m'mwamba ndi a m'munsi, lembani. Ayasamenso mpaka pamene angathere, lembaninso. Wamkulu wabwinobwino amafika pa mamilimita 40 mpaka 55, ndipo kupitira kumbali ndi pafupifupi 8 mpaka 12. Wosafika pa 35 ndiye kuti nsagwada zagwira. Rula ikasowa, zala zitatu za wodwalayo, osati zanu, ziyenera kulowa choimirira pakati pa mano. Koma chonde lembani nambala m'buku lake la kuchipatala: mawu oti "akuyasama pang'ono" sathandiza mnzanu amene adzamuone ulendo wotsatira.

Poyasamapo yang'anani chibwano. Chikakhotera mbali imodzi, mbali yomweyo ndiyo ili ndi vuto, kaya mfundo yake siikuyenda kapena lateral pterygoid wafooka, pakuti wa mbali yabwino akukankha yekha. Kulira kwa "tha" pamfundo popanda ululu kapena kugwira si matenda ofuna mankhwala.

Pogwira minofu m'pamene ambiri timalakwitsa, ena kungosisita, ena kufinya mpaka aliyense angalire. Mphamvu yoyenera pa masseter ndi temporalis ndi kilogalamu imodzi kwa masekondi awiri; pamfundo ndi theka la kilogalamu. Yeserani chala chanu pa sikelo ya kukhitchini mpaka dzanja lizolowere. Uzani wodwala alume mano kuti mnofu utukumuke muupeze malire ake, kenako amasule, ndipo dinani uli womasuka. Masseter dinani pamwamba, pakati ndi pansi; temporalis kutsogolo, pakati ndi pamwamba pa khutu. Funso lofunika si lakuti "zikuwawa?" ayi, koma "Kodi ululu umenewu ndi womwe uja wakubweretsani kuno, mayi?" Akavomera, mwapeza gwero. Mukapitiriza kudina kwa masekondi asanu, ena amamva ululu ukuthamangira ku mano a chibwano kapena mkati mwa khutu. Apa m'pamene dzino labwino limapulumuka kuzulidwa. Ma pterygoid ali mkati kwambiri, chala sichiwafika bwino; m'malo mwake tsekerezani chibwano ndi dzanja, wodwala ayese kuchikankhira kutsogolo, muone ngati ululu ubwera.

Musanatchule kuti ndi mnofu chabe, chotsani zoopsa. Nsagwada zogwira mwadzidzidzi, khosi ndi mimba zolimba, thupi likugwedezeka ndi phokoso kapena kuwala: ganizani kafumbata, fufuzani bala ngakhale laling'ono la msomali kuphazi, ndipo funsani za katemera. Kutupa kunsi kwa chibwano, kutentha thupi, dovu kutuluka ndi kulephera kumeza ndi mafinya ochokera ku dzino la m'munsi, ndipo amatha kutseka njira ya mpweya. Odwala awiriwa atumizidwe ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth nthawi yomweyo, osati mawa. Unikani ndi tochi nkhama za dzino lakumapeto ndi kummero. Wochita ngozi ya kabaza amene mano ake sakukumananso monga kale ayenera kujambulidwa. Funsaninso za mankhwala monga metoclopramide, haloperidol kapena chlorpromazine, amene amatha kuumitsa nsagwada. Wachikulire amene nsagwada imawawa akamakwera chitunda, osati akamatafuna, pimani mtima.

Zonsezi zikapanda kupezeka, chithandizo choyamba n'kupumitsa mnofu. Kwa milungu iwiri adye zofewa: phala, nsima yosalimba, mazira, mbatata yophika, nthochi. Chingamu ndi nzimbe aziike pambali. Athowe tsaya ndi kansalu ka madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu patsiku. Muphunzitseni kakhalidwe ka nsagwada yopuma: milomo yotseka, mano osakhudzana, lilime kumwamba kuseri kwa mano akutsogolo. Ambiri amaluma mano tsiku lonse osadziwa, pa ntchito kapena ali m'maganizo. Wamkulu atha kumwa ibuprofen 400 mg katatu patsiku atadya, kwa masiku ochepa, pokhapokha ngati alibe zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena pathupi. Maantibayotiki sachiza mnofu wotopa.

Abwerenso pakatha milungu iwiri mudzayeze ndi rula. Nambala ikatsika, tsaya likachita dzanzi, kapena nsagwada ikayamba kukanirira, mulembereni kalata yopita ku gawo la mano ku Queen Elizabeth, ndipo miyezo yonse iwiri ikhale m'kalatamo.