Kukonza chotsekemera cha kwanu muli kutali

Chaka changa choyamba kunja kuno, chimene chinkandisowetsa mtendere sichinali kuzizira ayi, koma chotsekemera chija amayi ankatikonzera tili ana. M'masitolo mulibe. Ndinayesa kanayi, kanayi konse n'kutaya.

Mukawafunsa amayi muyezo, amangoti "ungothira pang'ono, uona wekha." Musavutike kulemba zimenezo. Aimbireni pa vidiyo tsiku limene akukonza, foni aiimike moyang'ana mphika. Kapu yawo ija aidzaze madzi, athire m'botolo la theka la lita, muone pamene madziwo alekeza. Ya amayi anga inapezeka kuti ndi yaikulu kuposa yanga, n'chifukwa chake zanga zinkakana. Mukadziwa, gulani sikelo, muzilemba magalamu.

Povuta ndi pa shuga. Akamawira, donthezerani pang'ono m'madzi ozizira. Akaundana n'kumakanyika ndi zala ngati phula, wafika pa madigiri pafupifupi 115, chotsekemera chanu chikhala chofewa. Akamathyoka ngati galasi, wafika cha m'ma 150, mano anu ali pamavuto. Ine ndinkadalira wotchi, kuiwala kuti mbaula yamagetsi imakhalabe yotentha ngakhale mutaizimitsa. Phulani mphika msanga.

Ufa wa kuno ndi wosalala kuposa umene ndinazolowera, ndiye madzi ndimathira pang'onopang'ono. Yambani ndi theka la muyezo, kuti zikakanika musadandaule nazo kwambiri.

Kachisanu zinatheka. Ndinajambula n'kutumiza, amayi n'kungoyankha kuti, "Chapserera m'mbali, mwanangu."