Musanasaine lendi kapena ngongole ya nyumba ku England, yang'anani kaye sukulu

Kwathu mwana wa ku Ndirande akakhoza bwino mayeso a Sitandade 8 akhoza kusankhidwa kupita ku Dedza Secondary ngati wina aliyense. Ku England nkhani ndi ina. Ana ofuna malo pasukulu yaboma akachuluka kuposa malo ake, sukuluyo imayamba kutenga ana amene ali m'manja mwa boma, kawirikawiri kenako amene ali ndi mkulu wawo pasukulupo, ndipo malo otsala amapita kwa amene akukhala pafupi. Ndiye kuti adiresi yanu ndi imene ikulembera mwana mayeso, ndipo ogulitsa nyumba amadziwa zimenezi kuposa inu.

Mu 2017 unduna wa zamaphunziro ku England unapeza kuti nyumba zoyandikana ndi sukulu zapulayimale zimene zikuchita bwino koposa zimakwera mtengo ndi 8 peresenti poyerekeza ndi nyumba zina za m'dera lomwelo. Kufupi ndi sekondale zotere, kusiyana kunali 6.8 peresenti. Pa nyumba ya mapaundi 250,000, 8 peresenti ndi mapaundi 20,000. Nyumba zake zofanana, zipinda zofanana, msewu umodzi wokha pakati. Ochita lendi musaganize kuti mwapulumuka, chifukwa landilodi naye amawerengera sukulu yomweyo pokhazikitsa lendi.

Chinthu choyamba kufufuza si chikwangwani cha pageti la sukulu, koma mtunda umene mwana womaliza kulandiridwa ankakhala chaka chathachi. Makhonsolo ambiri amaika nambala imeneyi pa intaneti. M'madera ena a London mtundawo umakhala wosakwana theka la kilomita. Wogulitsa nyumba akakuuzani kuti sukulu ili apapa, mufunseni kuti apapa ndi mamita angati, kenako mukayerekeze ndi nambala ya khonsolo ya zaka zitatu kapena zinayi zapitazi, chifukwa mtundawo umasintha chaka ndi chaka. Muonenso mmene amayezera. Ena amayeza mzere wowongoka kuchoka pakhomo panu kufika pasukulu, ena amatsata njira yoyenda pansi. Nyumba imene ikuoneka pafupi pamapu ikhoza kukhala kutali ngati pakati pali njanji yopanda mlatho.

Za Ofsted, bungwe loyendera sukulu, tiyenera kuchenjera nazo. Kwa zaka zambiri makolo ankangofuna liwu limodzi lakuti Outstanding, kutanthauza sukulu yapamwamba koposa, ndipo nyumba zinkakwera nalo. Koma kuyambira 2012 mpaka 2020 sukulu zimene zinali ndi liwu limeneli sizinkayenderedwa mwa nthawi zonse. Oyendera atabwererako m'chaka cha maphunziro cha 2021 mpaka 2022, sukulu zoposa 80 pa 100 zilizonse mwa zimene anaziyenderazo zinatsitsidwa. Mu Seputembala 2024 boma linasiya kupereka liwu limodzi lomangira sukulu yonse. Choncho mukaona pa Rightmove, tsamba la pa intaneti lotsatsa nyumba, kuti sukulu yapafupi ndi yapamwamba, tsegulani lipoti lenilenilo muone deti lake. Ahedi amene anaikweza sukuluyo mwina anachoka kalekale. Kwa ine, kulowa ngongole ya zaka 25 kapena 30 chifukwa cha lipoti lakale n'kusaganiza bwino, makamaka pamene sukulu ina yabwino ndithu ili m'dera limene nyumba zake mungazikwanitse popanda kugwira mashifiti ausiku sabata yonse.

Masiku nawo ndi ofunika. Kalata yopempha malo kupulayimale imatsekedwa pa 15 Januwale, yankho limabwera cha pa 16 Epulo. Kusekondale amatseka pa 31 Okutobala, yankho n'kubwera cha pa 1 Malichi. Adiresi imene amaiwerengera nthawi zambiri ndi imene mukukhala pa tsiku lotsekera, ndiye ngati mukufuna kusamuka, samukani lisanafike, muli ndi pepala la lendi ndi kalata ya msonkho wa khonsolo (Council Tax) m'dzina lanu. Kubwereka adiresi ya achimwene kapena ya mlongo wa kutchalitchi, monga timachitira zina kwathu, kuno n'koopsa. Khonsolo imafufuza, ndipo ikakupezani ikhoza kulanda malo a mwana ngakhale atagula kale yunifolomu.

Pali njira zina zimene sizidalira kwambiri mtunda. Sukulu za Katolika ndi za Church of England nthawi zambiri zimayang'ana ubatizo ndi kasonkhanidwe kanu, ndipo ansembe kapena abusa amasaina fomu yake. Amalawi ambiri apa mpamene tili ndi mwayi, bola satifiketi ya ubatizo musaisiye mu sutikesi kwa agogo ku Zomba. M'madera ngati Kent, Buckinghamshire ndi Trafford muli sukulu za grammar, sekondale zaboma zimene zimasankha ana ndi mayeso otchedwa 11-plus, koma nyumba za m'madera amenewo sizotsika mtengo, ndipo makolo ambiri amalipiranso aphunzitsi apadera. Amene muli ku Scotland, malamulo anu ndi ena: Ofsted sifika kumeneko, ndipo adiresi iliyonse ili ndi sukulu yake ya m'dera.

Ofuna kugula, pali msonkho wolipira pogula nyumba, wotchedwa Stamp Duty, umene umadabwitsa anthu athu. Ngati munakhalapo ndi nyumba kwina kulikonse padziko, ngakhale ku Area 25 ku Lilongwe, boma silikuwerengerani ngati wogula koyamba, ndipo kuchotsera kumene ogula koyamba amalandira simukupeza. Ngati nyumba yakwathuyo ikadali m'dzina lanu ndipo mtengo wake ukufika mapaundi 40,000, mukhoza kulipiranso 5 peresenti yowonjezera. Muuzeni loya wanu zimenezi poyamba pomwe, musanawerengere kuti nyumba ya pafupi ndi sukulu ija mungaikwanitse.