Katsukidwe ka Mfuti Mukabwerako Koombera

Musanachite china chilichonse, lozetsani mfuti kumene kulibe munthu, chotsani magazini (kabokosi ka zipolopolo kamene kamalowetsedwa mumfuti), ndipo muyang'ane ndi maso anu ngati mumfutimo mulibe chipolopolo chotsalira, pakuti mfuti imene mwiniwake akuganiza kuti ilibe kanthu ndiyo yoopsa kwambiri.

Kenako nyowetsani kansalu ndi mankhwala osungunula mwaye wa onga, n'kukakankha mumpope wa mfutiyo ndi kandodo kotsukira, kuyambira kumbuyo kupita kukamwa kwa mfuti, chifukwa kukamwako kukakandika, chipolopolo chimaphonya chandamale. Bwerezani mpaka kansalu katuluke koyera. Mafuta pakani ochepa chabe, popeza ambiri amakola fumbi, makamaka pa mfuti ya .22 (ya zipolopolo zing'onozing'ono) imene imada msanga.

M'dzinja dzimbiri silichedwa, choncho muziipukuta ngakhale simunaombere. Mukatha, itsekereni m'bokosi lachitsulo lokhoma, zipolopolo muzisunge padera.